Ufa wa kolajeni wa mawondo ukugulitsidwa pa Dedza pano, ine ndaupatsa 2 pa 5

Ndiyambe ndi chigamulo kuti amene bandulo yanu ili pafupi kutha musavutike kuwerenga zonse. Ufa wa kolajeni (puloteni yopezeka m'khungu ndi m'mafupa) wosakaniza ndi glucosamine (chinthu china chopezeka molumikizana mafupa) uja akuugulitsa m'zitini pa boma pano, ena akumayenda nawo m'maofesi ndi m'masukulu kumapeto kwa mwezi, siwoopsa ayi, koma zomwe ogulitsa akulonjeza sukuchita ndipo mtengo wake ndi wolira nawo. Malikisi imodzi ndapereka chifukwa katunduyo ndi waukhondo komanso womata bwino, inayo ndi ya mayi wogulitsa amene ulemu ngati wake ukusowa masiku ano, zitatu zotsalazo zapita ndi nkhani yoti umameretsanso katileji, kanthu koterera kaja kokuta nsonga za mafupa m'bondo. Dzina la kampani sinditchula, zitini zamtunduwu zilipo mbwee ndipo mukatembenuza kumbuyo nkuwerenga zosakaniza mupeza ndi zomwezomwezo, amangosintha pepala lakunja basi.

Amene amamwa ndi mayi anga, amakhala cha ku Bembeke, zaka zidadutsa 60, moyo wawo wonse ndi wa mbatatesi ndi dimba, kukwera ndi kutsika zitunda thumba lili pamutu. Bondo lakumanja ndi lomwe lidayamba, lakumanzere likutsatira pang'onopang'ono. M'mawa akadzuka limakhala louma kwa kanthawi, akayendayenda limamasuka, koma tsiku lomwe alimbikira ntchito madzulo ake ndi moto, ndipo amadandaula kwambiri potsika mtunda kusiyana ndi pokwera. Kugwada kutchalitchi adasiya kalekale, amangokhala pa benchi anzawo akugwada nde zimawachititsa manyazi ati anthu aziti ndanyada. Kuchipatala adawajambula nkutiuza kuti ndi nyamakazi ija imadya molumikizana mafupa, osteoarthritis, mpata wa pakati pa mafupa awiri wachepa makamaka mbali yamkati. Achimwene anga ali ku Johannesburg atamva adaona zotsatsa pa Facebook, nde mukudziwa munthu akakhala kutali amafuna aoneke kuti wachitapo kanthu, adatumiza ndalama nkuti achemwali agulireni amayi zimenezi, kuno anthu akuchira nazo. Ineyo ndimaphunzitsa Biology pa sekondale ina yoyendera, ndidawauza maganizo anga koma ndalama ndi zawo, amayi ndi athu tonse, ndidagula.

Katundu yekha ndilibe naye mlandu. Chitini chidabwera chomata, tsiku lotha ntchito lolembedwa bwinobwino, mkati muli kasupuni koyezera. Ufawo ndi woyera mopita kuchikasu, m'madzi ofunda umasungunuka msanga koma m'madzi ozizira a kuno aja umapanga timibulu. Kafungo ka nsomba kaliko ndithu olo adathiramo zonunkhira za malalanje, amayi adakana kumwera m'madzi ati zikundichititsa nseru, m'phala la mgaiwa nde zimalowa popanda vuto. M'mimba sudawavute kupatula kudzimbidwa pang'ono masiku oyamba. Chitini chimodzi ati ndi cha mwezi koma ukamatsatira muyezo wawo chimatha mwezi usanakwane, ndipo ndalama yake ukaphatikiza zitini ziwiri wagula mbuzi.

Mayi wogulitsayo nde bho kwambiri, sindinama. Amayankha foni olo usiku, katundu amatumiza pa kabaza mpaka pakhomo, ndipo amaimba kufunsa kuti aphunzitsi agogo adzuka bwanji lero. Ndikukhulupirira kuti iwowo sakunama dala, amangobwereza zomwe adawaphunzitsa ku semina. Ndipo zomwe adawaphunzitsazo ndi izi: kolajeni wa m'bondo watha chifukwa cha ukalamba, mukamwa uyu amapita kukadzaza pomwe padathapo, pakatha miyezi itatu katileji wamera watsopano, ndodo kutaya. Zimamveka zanzeru eti? Chatha, thiramo china. Pamenepo ndi pamene ine ndi iwo tidasiyana.

Zomwe tidaona kwa amayi zidayenda chonchi. Adayamba kumwa kuzizira kwa June ndi July kutangotha, nthawi yomwe bondo lidafika poipitsitsa, ndipo masabata oyamba adati ndikumvako bwino mwanawe, achimwene kumva zimenezo chimwemwe mpaka kuyika pa status. Koma nthawi imeneyo kudali kutayamba kufunda, ntchito yokumba ndi kunyamula mbatatesi idali itatha, amayi amangokhala pakhomo kusankha nyemba. Mvula itagwa nkuyamba kubzala, kupalira, kubandira, bondo lidabwerera pomwe lidali, ufa akumwabe m'mawa uliwonse osaphonya. Titabwerera kuchipatala bondo lidali lomwe lija, likulirabe khotcho khotcho akamalipinda. Nyamakazi imeneyi ndi mmene imachitira, imakwera nkutsika yokha, ndipo munthu amathamangira kugula mankhwala pamene ululu wafika pamwamba penipeni, nde ukamatsika wokha ulemu umapita kwa chitini.

Tsopano ndiloleni ndilowe m'kalasi pang'ono poti apa ndi pamene pagona nkhani. Mukamadya mwendo wa nkhuku, kunsonga kwa fupa kuja kumakhala kanthu koyera konyezimira koterera, ena timatafuna ndithu, ameneyo ndiye katileji. M'bondo la munthu amakhala wokhuthala mamilimita 2 mpaka 4 basi koma ndi amene amanyamula thupi lonse zaka zonsezi. Mbali yaikulu ndi madzi, cha m'ma 70 peresenti, ndipo chogwira madziwo ndi puloteni ina yotchedwa aggrecan imene imakoka madzi kwambiri nkufuna kutupa, koma imapanikizidwa ndi ulusi wolukanalukana wa kolajeni wa mtundu wachiwiri. Kulimbana kwa ziwirizi ndi komwe kumapangitsa katileji kuti ukamuponda abonyeke pang'ono nkubwereranso. Mulibe mitsempha ya magazi, mulibenso mitsempha yomvera ululu, nchifukwa chake amayamba kuonongeka munthu osamva kanthu, ululu umadzabwera kuchokera ku fupa lapansi pake ndi kachikopa kokuta mfundo yonse zinthu zitapita kale patali. Maselo ake otchedwa chondrocyte ndi ochepa zedi, sakwana olo 5 peresenti ya katileji yense, aliyense ali payekha m'kachipinda kake, ndipo chakudya amachipeza kuchokera m'madzi oterera a mu mfundo amene amalowa ndi kutuluka munthu akamayenda.

Chomwe ku semina sadawauze ndi chakuti katileji samangotha chifukwa chokhulana ayi, amachita kudulidwa, ndipo odulawo ndi ma enzyme, mapuloteni amene ntchito yawo ndi kuphwanya zinthu zina, opangidwa ndi maselo a m'bondo momwemo. Pali magulu awiri otchuka. ADAMTS-5 ndi mnzake ADAMTS-4 amadula aggrecan, madzi nkuyamba kuthawa katileji nkufooka. Kenako MMP-13 amadula ulusi wa kolajeni weniweniwo. M'bondo labwinobwino ma enzyme amenewa alipo koma ochepa, ndipo pali mapuloteni ena otchedwa TIMP amene amawagwira manja kuti asapyole malire. Bondo likavulala, likamalemedwa mopitirira kapena mokhota, kapenanso munthu akamakalamba, maselo aja amayamba kutulutsa odula ambiri kuposa owaletsa. Tizidutswa ta katileji wodulidwa timagwera m'madzi a mu mfundo nkukwiyitsa kachikopa kaja, iko nkutulutsa zinthu zotupitsa monga interleukin-1, zimenezo nkukauza maselo kuti onjezerani odula, basi zikungozungulira choncho. Mu 2005 magulu awiri a akatswiri, lina ku America lina ku Australia, adaonetsa kuti mbewa zimene adazichotsera mphamvu ya ADAMTS-5 katileji wake amatetezeka kwambiri olo bondo livulazidwe kapena litupe. Mbewa za mu labu izi, osati zapamsewu wa M1 zija kkkk. Apa mutha kuona kuti vuto si kusowa kwa zomangira kokha, ogumula ali mkati ndipo ali pa ntchito.

Aggrecan akatayika koyambirira maselo amatha kupanga wina. Koma ulusi wa kolajeni ukaduka ndi nkhani ina. Mu 2016 akatswiri a ku Denmark adachita zanzeru kwambiri, adagwiritsa ntchito carbon-14 amene adachuluka mumlengalenga nthawi yomwe mayiko ankayesa mabomba a nyukiliya m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, nkuyeza katileji wa m'mawondo a anthu obadwa zaka zosiyanasiyana kuti aone kuti kolajeni wake adapangidwa liti. Adapeza kuti ndi yemwe uja adapangidwa munthu akukula, mafupa akangokhwima thupi silimusinthanso kwenikweni, olo mwa anthu odwala nyamakazi. Ndiye kuti kolajeni ali m'bondo la amayi ndi wa nthawi yomwe adali mtsikana. Nde wina abwere ati miyezi itatu wamera watsopano, aaa ayi.

Chomwe chimandisangalatsa ine pa nkhaniyi, moti ana a Fomu 4 ndimawachedwetsa nacho olo sichili pa silabasi, ndi chakuti kunja kwa selo kuphwanya mapuloteni kwachuluka koma mkati mwa selo kuphwanya kwachepa, ndipo zonse ziwiri zikuononga bondo lomwelo. Selo lililonse limapanga mapuloteni tsiku ndi tsiku, ena amatuluka opindika molakwika, ena amakalamba, tizigawo topanga mphamvu totchedwa mitochondria natonso timaonongeka nkuyamba kutulutsa zinthu zowononga. Selo lili ndi njira ziwiri zochotsera zimenezi. Yoyamba, puloteni yoonongeka imamatidwa kachizindikiro kotchedwa ubiquitin nkukalowetsedwa m'kachigawo kooneka ngati mgolo kotchedwa proteasome komwe imakadulidwa tizidutswa, ndipo amene adatulukira zimenezi, Aaron Ciechanover, Avram Hershko ndi Irwin Rose, adalandira mphoto ya Nobel mu 2004. Yachiwiri ndi autophagy, apa selo limakulunga zinyalala zikuluzikulu m'kathumba nkupita nazo ku lysosome komwe kuli asidi ndi ma enzyme, zimasungunulidwa, zotsalazo nkugwiritsidwanso ntchito. Yoshinori Ohsumi wa ku Japan adalandira Nobel mu 2016 chifukwa chofufuza mmene zimenezi zimayendera, ndipo iye ankagwiritsa ntchito yisiti, yemweyu wa mandasi.

Aliyense amene adasungapo mbatatesi amadziwa kuti ukapanda kumalowa m'nyumba muja kukasankha zowola nkutaya, imodzi imapatsira inzake mpaka mulu wonse kununkha. Maselo a katileji ndi chimodzimodzi, ndipo kwa iwo nkhaniyi ndi yaikulu kuposa maselo a pakhungu kapena m'matumbo amene amafa nkubwera atsopano masiku ochepa alionse. Chondrocyte sagawikana kawirikawiri, amakhala yemweyo zaka makumimakumi pamalo opanda magazi, nde akasiya kusankha zowola zimangounjikana mkati. Gulu la Martin Lotz ku Scripps Research ku California lidaonetsa mu 2010 kuti autophagy imachepa mu katileji wokalamba ndi wa nyamakazi, mwa anthu ndi mwa mbewa, ndipo pomwe yachepapo maselo amafa ambiri. Selo lodzadza zinyalala limafooka, lina limafa, lina silifa koma limasanduka lovuta, kumangotulutsa zotupitsa ndi odula aja. Mu 2012 gulu lomwelo lidapatsa mbewa mankhwala otchedwa rapamycin amene amadzutsa autophagy, ndipo nyamakazi idachepa mphamvu.

Musathamangire ku famase kukafunsa rapamycin chonde, amenewo ndi mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, amapatsidwa kwa anthu amene aikidwa impso ya munthu wina, ndipo zochiza mbewa sizinafike pokhala mankhwala a mawondo a anthu. Ngakhalenso mankhwala otsekereza ma MMP adayesedwapo pa anthu, adabweretsa kuuma ndi kuwawa kwa mapewa ndi manja chifukwa ma enzyme amenewa thupi limawafunanso malo ena, nde adasiyidwa. Mpaka pano palibe mankhwala ovomerezeka padziko lonse amene amaimitsa kapena kubweza kuonongeka kwa katileji, makampani akuluakulu okhala ndi ma labu ndi ndalama zankhaninkhani akulimbana nazobe. Nde zoti yankho lili m'chitini chobwera pa kabaza mundikhululukire. Enanso ayamba kunena kuti kusala kudya masiku angapo kumadzutsa autophagy nde mawondo amachira, amayi adazimva kwa anzawo a kumpingo ndipo ndidawaletsa, munthu wakumwa mankhwala a BP wogwira ntchito yakumunda sungamuuze zimenezo popanda umboni woti zimachiza bondo la munthu.

Tibwere kwa ufa uja ukalowa m'kamwa. Kolajeni ndi puloteni ngati ina iliyonse, ndipo m'mimba ntchito yake ndi kuphwanya mapuloteni. M'chifu muli asidi ndi pepsin, m'matumbo muli trypsin ndi anzake, pofika polowa m'magazi kolajeni uja wasanduka ma amino acid monga glycine ndi proline ndi tizidutswa tating'onoting'ono. Magazi sadziwa kuti izi achimwene adagulira bondo lakumanja, amangogawa thupi lonse, kuchiwindi, kuminofu, kukhungu, ndipo katileji amene alibe olo mtsempha umodzi wa magazi ndi amene ali kumapeto kwa mzere. Komanso pa chitini chathu adalemba kuti kolajeni wake ndi wochokera ku khungu la nsomba, ameneyo ndi wa mtundu woyamba, pamene wa m'bondo ndi wa mtundu wachiwiri. Ma amino acid omwewo mumawapeza mu mang'ina, mu mapazi a nkhuku, mu usipa wodya ndi mitu yomwe, ndipo thupi limatha kupanga kolajeni kuchokera ku nyemba, soya ndi mazira bola vitamini C alipo, amene ali mu magwafa, malambe ndi masamba. Ndidawauza achimwene kuti ndalama ya chitini chimodzi amayi akanadya mang'ina mpaka kutopa nawo, adaseka koma sadayankhe.

Kuti ndisawalakwire, kafukufuku wina waung'ono alipo woonetsa kuti anthu ena akamwa kolajeni ululu umatsikako pang'ono, ndipo pali maganizo oti tizidutswa tina timene timalowa m'magazi timatha kukodola maselo. Koma wambiri mwa kafukufukuyo ndi wa anthu ochepa, wa nthawi yochepa, ndipo nthawi zambiri olipira ndi opanga ufawo. Kutsika pang'ono kwa ululu ndi kumera kwa katileji ndi zinthu ziwiri zosiyana kutalitali.

Glucosamine nde adayesedwa mokwanira. Kafukufuku wamkulu wotchedwa GAIT adachitika ku America nkutuluka mu 2006, anthu 1,583 odwala mawondo, kwa masabata 24, ena kumwa glucosamine, ena chondroitin (china chogulitsidwanso ngati cha mawondo), ena zonse ziwiri, ena mankhwala a ululu otchedwa celecoxib, ena mapilitsi opanda kanthu mkati koma osawauza. Mwa amene ankamwa mapilitsi opanda kanthuwo, 60 pa 100 alionse adati ululu watsika. A glucosamine adali 64, kusiyana kochepa moti akatswiri adati kutha kungochitika mwamwayi. Taganizani, anthu 60 pa 100 kumva bwino ndi pilitsi lopanda mankhwala! Nde mayi wogulitsa akamandionetsa maumboni a pa foni, agogo uyu akuvina, abambo awa ataya ndodo, ine sinditi akunama, ndimangodziwa komwe maumboniwo amachokera. Bungwe la madokotala a nyamakazi ku America mu 2019 lidalangiza kuti glucosamine asamagwiritsidwe ntchito pa nyamakazi ya bondo, ndipo la NICE ku Britain mu 2022 lidanenanso zomwezo.

Pali zina zoti muzidziwe ngati mwaganiza zogulabe. Glucosamine wambiri amapangidwa kuchokera ku zigoba za nkhanu ndi ma prawn, nde amene thupi lanu limadana nazo samalani. Amene mumamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana aja, funsani adokotala kaye chifukwa ziwirizi zimatha kusokonezana. Abale athu achisilamu ndi a Seventh Day werengani bwino pa chitini, kolajeni wina amachokera ku nkhumba ndipo zitini zina sizinena nkomwe kuti ndi wa nyama yanji. Ndidafunsa mayi wogulitsa za zimenezi adati adzafunsa akuluakulu, mmalo mwa yankho adandibweretsera fomu yoti nanenso ndilowe ndizigulitsa kwa aphunzitsi anzanga, ati mukapeza anthu atatu chitini chanu chizikhala chaulere. Ndidakana mwaulemu.

Zomwe zathandiza amayi mooneka nde ndi zotopetsa kuzinena, palibe angaziyike pa Facebook. A fizo kuchipatala adawaphunzitsa zolimbitsa minofu ya ntchafu: kugona chagada pa mphasa nkukweza mwendo uli woongoka, kuugwira m'mwamba pang'ono nkuutsitsa mosathamanga, kukhala pampando nkuimirira osagwira ndi manja kangapo, m'mawa ndi madzulo. Poyamba amayi adakwiya, ati ine ndabwera ndi bondo lowawa inu mukundipatsa ntchito, ntchito ndilibe kwathu? Mnyamata wa fizoyo adawayankha bwino kwambiri, adati agogo ntchito yakumunda imalemetsa bondo koma iyi imalimbitsa olinyamula. Ndipo ndi zoona, ntchafu ikalimba imalandira kugunda kwina komwe kukanafika pa mfundo, komanso kuyenda koyenera ndi komwe kumalowetsa chakudya mu katileji, kungokhala pansi osayenda kumamufooketsa. Zidatenga nthawi, si za sabata imodzi, koma pano amadzuka pampando osafuula ndipo amakafika kumsika wa Bembeke wapansi.

Ndodo adawauza kuti aziigwira dzanja la mbali yomwe sikuwawa, bondo lakumanja ndodo kumanzere, anthu ambiri amagwira mosemphanitsa. Kunyamula thumba pamutu potsika mtunda tidaletsa, pano timalipira ngolo kapena anyamata a njinga. Kuchimbudzi tidawapangira kampando kathabwa koboola pakati chifukwa kunyonyomala ndi komwe kunkawazunza kwambiri koma samanena, nkhani zotere makolo athu sanena mpaka uchite kuzindikira wekha. Kudimba amapita ndi kampando kakafupi. Za thupi, amayi si onenepa kwambiri koma kwa amene muli ndi thupi, kafukufuku wa ku America wa 2005 adapeza kuti kilogalamu imodzi ikachoka m'thupi, katundu wofika pabondo amatsika ndi makilogalamu pafupifupi 4 pa sitepe iliyonse, muwerengere nokha masitepe a tsiku lonse. Mafuta a m'thupi amatulutsanso zinthu zotupitsa zomwe zimakolezera odula aja, nchifukwa chake anthu onenepa nyamakaziyi imawagwiranso zala zomwe sizinyamula thupi.

Pa ululu, chomwe chikuwathandiza ndi diclofenac wopaka uja, timagula ku famase ndipo mtengo wake suyandikira nkomwe wa chitini. Wopaka ndi wabwinoko kwa munthu wamkulu chifukwa wolowa m'magazi ndi wochepa. Izi ndikunena chifukwa kumudzi anthu akumwa bufeni ndi indosidi wa pa okala tsiku ndi tsiku ngati mtedza, pena awiri awiri m'mimba mulibe kanthu, zimenezo zimaboola chifu, zimaononga impso komanso zimakweza BP. Ndipo timabotolo ndi timapaketi topanda zolemba tija amagulitsa m'mabasi ndi m'misika ati ta nyamakazi, m'mayiko ambiri totere tapezekapo titathiridwa ma steroid mobisa, munthu amamvadi bwino msanga kenako nkhope kutupa, shuga kukwera, mafupa kufooka. Pamenepo bola ufa wa kolajeni, umangodya ndalama osati thupi. Bungwe loona za mankhwala m'dziko muno ndi PMRA, wogulitsa akamati ichi chimachiza matenda muli ndi ufulu womufunsa ngati chidalembetsedwa kumeneko ngati mankhwala kapena ndi chakudya chongoonjezera.

Nyamakaziyi si ya ku Bembeke kokha, a WHO amati mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni padziko lonse adali nayo, 60 pa 100 alionse ndi amayi, ndipo bondo ndi lomwe limagwidwa kwambiri. Msika wake ndi waukulu choncho, zitini sizisiya kubwera, chaka chamawa kudzabwera china ndi dzina lina. Achimwene tidagwirizana kuti ndalama ya ufa izipita ku thiransipoti ya amayi yopitira ku fizo, mankhwala opaka, aganyu akumunda ndi ndiwo, ndipo bondo likadzafika poti sakugona nalo tidzapempha kalata yopita kwa madokotala a mafupa ku Lilongwe, ku LION kuja pa Kamuzu Central, akaone ngati nkhani ya opaleshoni ingatheke.

Chomaliza, si bondo lililonse lowawa lomwe lili ndi nyamakazi imeneyi. Likatupa mwadzidzidzi, kutentha, kufiira, munthu akumva malungo kapena akulephera kuliponda, musadikire chitini kapena fizo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa atha kukhala mafinya mu mfundo ndipo amenewo amadya katileji m'masiku ochepa chabe. Chimodzimodzi ngati mfundo zambiri zatupa mbali zonse ziwiri makamaka zala, ndipo kuuma kwa m'mawa kukupitirira ola lathunthu, imeneyo itha kukhala nyamakazi ya mtundu wina imene ili ndi mankhwala akeake ndipo imafuna kuyamba msanga.